Chilonda Chapola, Koma Chala Chakana Kupinda

Mwezi uno tiyamba ndi kuulula kulakwa kwathu, pakuti mphunzitsi wobisa zolakwa zake sangayembekeze kuti ana adzaulula zawo.

Zaka zingapo zapitazo tinali ndi mnyamata wina m'kalasi lathu la Sitandade 7 kuno ku Chinakanaka, mwana wolemba bwino kotero kuti ndiye tinkamtuma kulemba pa bolodi. Atabwerako ku tchuthi, zolemba zake zinasanduka ngati pamene papalasa nkhuku. Tinamkalipira kaŵiri katatu, tikuti wayamba ulesi, ndipo tsiku lina tinamuimitsa pamaso pa anzake ndi kumuonetsa kope lake lakale. Iye sanayankhe kanthu. Patapita masiku, tikuyendera mizere ya ana, tinaima pambali pake ndi kuona kuti pensulo waigwira ndi chala chachikulu ndi chapakati, pamene cha mkombaphala chili chiimire, choongoka ngati chikuloza munthu.

"Iwe, tapinda chalacho," tinatero.

"Chimakana, aphunzitsi," anayankha motsitsa mau.

Pa mfundo yoyamba ya chalacho, mbali ya m'chikhatho, panali kachipsera kakang'ono kosafika kutalika kwa njere ya nyemba. Amayi ake atabwera anatifotokozera motere: "Aphunzitsi, ameneyu anadzicheka ndi mpeni akusenda nzimbe, papita miyezi inayi tsopano. Tinamanga ndi kansalu, magazi analeka, ndipo chilonda chinapola bwinobwino. Ife tinkati chala chikungoopa, chidzapinda chokha." Pamene mwanayo anaonedwa ndi madokotala, nthaŵi yosoka mosavuta inali itapita kale. Chimene chinatsala ndi maopareshoni aŵiri ndi maulendo ambiri, zimene banjalo silinathe kukwanitsa. Anaphunzira kulemba ndi zala zotsalazo, mayeso a Sitandade 8 anakhoza, lero ndi bambo wa ana ake, koma chala chija chikali chiimire. Amayiwo sanachite dala, ifenso sitinachite dala. Tonse tinaona khungu litapola ndi kuyesa kuti chala chachira.

Mmene chala chimapindira

Ambiri timaganiza kuti mphamvu ya chala ili m'chala momwemo. Sizili choncho ai. Minofu imene imapinda zala mwamphamvu ili pa mkono, pakati pa chigongono ndi pamene timavala wotchi. Gwirani mkono wanu pamenepo ndi dzanja linalo, kenaka fumbatani ndi kufumbatula. Mudzamva minofu ikuyenda pansi pa khungu. Kuchokera ku minofu imeneyi kumatuluka zingwe zoyera, zolimba, zimene zimadutsa m'chikhatho ndi kukamangirira ku mafupa a zala. Mwana aliyense amene anaseŵerapo ndi zipalapasiro za nkhuku amazidziŵa: ukakoka kachingwe koyera kotulukira podulidwa paja, zikhadabo za nkhuku zimafumbata zokha.

Mau akuti mtsempha m'chinenero chathu amasenza katundu wambiri. Pali mtsempha wa magazi, pali mtsempha umene timamvera kukhudza ndi kutentha, ndipo pali chingwe choyera chimenechi, chimene m'nkhani ino tichitcha mtsempha wokoka. Mitundu itatu yonseyi imayenda moyandikana m'chala, kotero mpeni umodzi ukhoza kudula umodzi, iŵiri kapena yonse. Chala chilichonse mwa zinayi zija chili ndi mitsempha yokoka iŵiri ya mbali ya m'chikhatho: wina umapinda mfundo yapakati, wina umafika ku nsonga ndi kupinda mfundo yomaliza. Chala chachikulu chili ndi umodzi wautali. Yonse pamodzi ndi 9, ndipo imadutsa pa mpata umodzi wopapatiza pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Kuseri kwa dzanja kuli mitsempha ina yoongola zala, imene mumaiona ikutukuka mukatambasula dzanja.

Mtsempha wokoka umakhala wokungika nthaŵi zonse ngati mphira wa legeni. Ukaduka, mnofu wa pa mkono umakokera mbali yakeyo m'mbuyo, ndipo nsonga ija imathaŵira m'chikhatho, kutali ndi inzake. Khungu limapola chifukwa milomo ya chilonda ili pafupi. Nsonga ziŵiri za mtsempha sizingakumane zokha ngakhale mutadikira chaka. Palibe mankhwala opaka, mphini kapena kuthoŵa ndi madzi otentha kumene kungazibweze. Ziyenera kufunidwa ndi kusokedwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo.

M'chala mwenimwenimo mitsempha iŵiri ija imayenda m'kangalande kothina ndi koterera, monga waya wa mabuleki a njinga m'chikopa chake. Apa ndi pamene pamavuta koposa, pakuti chipsera chikhoza kumata mtsempha ku khoma la kangalandeko, chala n'kuuma ngakhale wasokedwa bwino. Dokotala wa ku America, Sterling Bunnell, amene buku lake la maopareshoni a dzanja linatuluka mu 1944, ankatcha malo ameneŵa dera lopanda mwini, monga malo a pakati pa magulu aŵiri a nkhondo, ndipo madokotala a nthaŵi yake ankaopa kusokapo. Mu 1967 Harold Kleinert wa ku Louisville ndi anzake anaonetsa kuti kusoka msanga ndi kotheka, ndipo njira yawo inali yoyamba kuyendetsa chalacho mosamala chisanamatike. Mu 1975 Duran ndi Houser anafotokoza kuti mtsempha ukamatsetsereka mamilimita 3 mpaka 5 okha m'kangalande kake, chipsera sichiumata kolimba. Pa mfundo ziŵiri zimenezi, kusoka msanga ndi kuyendetsa mosamala, ndi pamene pagona machiritso onse a lero.

Zizindikiro zoti tidziŵe

Kuno kwathu mipata yovulalira ndi yambiri: kusenda nzimbe ndi chinangwa mpeni utalozetsedwa ku dzanja, kumweta udzu ndi zenga, kudulira tiyi m'minda ya m'munsi mwa phiri la Mulanje, kunyamula malata tsiku la mphepo, kugwa ndi botolo m'manja, ndiponso kugwira chikwanje ku mpeni kwake polanditsa ndeu. Chilonda chilichonse cha pa chala, m'chikhatho kapena pa mkono chiyenera kufunsidwa funso limodzi magazi akangoleka: kodi zala zonse zikupinda ndi kuongoka monga kale?

Muuzeni wovulalayo agoneke dzanja pa ntchafu, chikhatho chitayang'ana kumwamba, osalimbitsa. Dzanja labwino zala zake zimapindika pang'ono zokha, motsatana bwino kuyambira cha mkombaphala mpaka chaching'ono. Chala chimene chatuluka pa mzere ndi kuima choongoka, mtsempha wake waduka. Kenaka gwirani chalacho pakati kuti chisagwedezeke, iye ayese kupinda nsonga yokha. Pomaliza gwirani zala zitatu zinazo zili zoongoka, iye ayese kupinda chovulalacho pa mfundo yapakati. Akalephera chimodzi mwa ziŵirizi, musadikire. Chenjeraninso ndi chala chimene chikupinda koma moŵaŵa kwambiri ndi mofooka, pakuti mtsempha ukhoza kudulidwa theka ndi kudzamalizika patapita masiku, munthu akunyamula ndowa. Dzanzi la mbali imodzi ya chala likusonyeza kuti mtsempha womvera wakhudzidwa. Chala chozizira ndi chotuwa chikusoŵa magazi, ndipo chimenecho ndi cha ola lomwelo.

Mitsempha imadukanso popanda chilonda. Atsikana athu a mpira wa manja amadziŵa mmene mpira umagundira nsonga ya chala. Nthaŵi zina nsongayo imagwa ndi kukana kuongoka, chifukwa mtsempha woongola wazuka pa fupa. Ambiri otere safuna opareshoni, koma kachitsulo kapena kapulasitiki koongola mfundo yomalizayo usana ndi usiku kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo nsongayo ikagwa ngakhale kamodzi povula, kuŵerenga kumayambanso. Anyamata a mpira wa miyendo amene amakola malaya a mnzawo akuthamanga akhoza kuzula mtsempha wopinda nsonga, kaŵirikaŵiri pa chala cha mphete, ndipo uwu umafuna opareshoni ya msanga. Kuombetsa chala chotere pochikoka mwamphamvu, monga amachitira anzawo pa bwalo, sikubwezera kanthu.

Pali zina ziŵiri zoopsa. Munga kapena waya ukabaya chala mbali ya m'chikhatho, mafinya akhoza kuloŵa m'kangalande kaja. Chala chimatupa chonse, chimakhala chopindika pang'ono, chimaŵaŵa mukachikanikiza motsatira njira ya mtsempha, ndipo munthu amafuula mukachiongola. Masiku oŵerengeka ndi okwanira kuti mtsempha uonongekeretu, choncho pitani tsiku lomwelo. China ndi kachilonda ka pa chibakera ka munthu amene wamenya mnzake pa dzino. Achinyamata amabisa chifukwa cha manyazi, koma tizilombo ta m'kamwa mwa munthu tikaloŵa pa mfundo timaononga msanga. Muuzeni dokotala zoona za mmene munavulalira.

Tsiku loyamba

Panikizani chilonda ndi nsalu yochapa bwino kwa mphindi 10 osatsegulatsegula, dzanja litakwezedwa kupitirira mtima. Vulani mphete chala chisanatupe. Tsukani ndi madzi oyera. Musathirepo dothi, phulusa, mchere kapena mafuta a mabuleki a galimoto, ndipo musamange mphira mothina ku tsinde la chala, pakuti chala chomangidwa motero chimafa. Tengani buku la kuchipatala, ndipo kumbukirani kufunsa za jekeseni wa kafumbata.

Kuchipatala chaching'ono akhoza kutsuka chilonda, kusoka khungu lokha, kumanga dzanja ndi kukupatsani kalata yopita patsogolo. Kumeneko ndi kuyamba koyenera, koma si mathero. Ambiri amabwerera kunyumba ataona ulusi pa khungu, kalata ija n'kuisunga m'thumba la mbeu. Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu koma momveka kuti, "Adokotala, nanga mtsempha wokoka chalachi uli bwino? Taonani, sichikupinda." M'boma lathu lino muli chipatala cha boma ku Mulanje ndi chipatala cha Mulanje Mission, ndipo zovuta zimatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Dziko lathu linayamba mu 1985 kuphunzitsa madokotala othandiza a za mafupa, amene amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma, ndipo ndiwo oyenera kuwafunsa poyamba. Ku Blantyre komweko kuli chipatala cha Beit CURE, chotsegulidwa mu 2002, chimene chimathandiza ana a mavuto a mafupa ndi ziŵalo.

Apa masiku ndi ndalama. Madokotala amafuna kusoka mtsempha m'masiku oŵerengeka, makamaka masabata aŵiri asanathe. Pakapita masabata atatu kapena anayi mnofu wa pa mkono umafupika, kangalande kaja kamatsekeka ndi chipsera, ndipo nsonga ziŵiri zija sizifikananso. Zikatero pamafunika kuika kachingwe ka mphira wapadera m'chala kwa miyezi pafupifupi itatu kuti katsegule njira yatsopano, kenaka kutenga mtsempha wina pa mkono kapena pa mwendo ndi kuuika m'menemo. Ndiyo njira imene inakanika kwa mnyamata wathu uja. Ndalama ya minibasi imene tikuiumira lero idzafunika kakhumi m'tsogolo, ndipo mwina chala sichidzabwereranso.

Masabata 12 a kudekha

Opareshoni ndi theka la ntchito. Theka linalo limachitikira pakhomo. Wodwala amatuluka ndi chikhakha kuseri kwa dzanja, chimene chimaletsa zala kuongoka mopitirira, ndipo amachivala usana ndi usiku kwa masabata pafupifupi 6. M'sabata yoyamba ndi yachiŵiri mtsempha umakhala wofooka koposa, wogwiridwa ndi ulusi wokha. Kenaka thupi limayamba kuluka nyama yatsopano pa msoko, yosalongosoka poyamba, imene imalimba ndi kuongoka pang'onopang'ono. Ulusi wa pa khungu umachotsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka, chifukwa kunja kwaoneka bwino pamene m'kati muli posachedwa. Chikhakha chikachoka munthu amaloledwa zopepuka monga supuni, pensulo ndi mabatani a malaya. Khasu, nkhwangwa, mjigo, kufinya zovala ndi kunyamula matumba zimadikira mpaka masabata 12.

Pa ulendo umenewu pali adani aŵiri, changu ndi mantha. Changu chimadula msoko. Ngakhale m'maiko a zipatala zapamwamba, pafupifupi msoko umodzi mwa 20 umaduka, kaŵirikaŵiri m'masabata oyambirira. Tikudziŵa mnyamata wa kabaza amene anasokedwa bwino, koma pa sabata yachinayi ufa unatha m'nyumba, ndipo anavula chikhakha ndi kukwera njinga. Pa chitsetse china anafinya mabuleki, namva kanthu kakuti phwa! m'chikhatho, chala n'kuongoka monga poyamba. Sitimuweruza ai, pakuti njala siidziŵa kalendala ya dokotala. Tikudzifunsa tokha kuti tinali kuti ife abale ndi anansi pa sabata yachinayi ija. Zoterezi zikachitika, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa msoko woduka kumene ukhoza kusokedwanso.

Mantha nawo amaumitsa chala. Wodwala amene amasunga dzanja pa chifuwa ngati dzira, osaligwedeza mpang'ono pomwe, amadzapeza mtsempha utamatika. Chifukwa chake madokotala oongola ziŵalo amayambitsa zolimbitsa zala patangopita masiku atatu kapena asanu, dzanja lili m'chikhakha momwemo: kupinda chala chovulala ndi dzanja linalo, kuchiongola mpaka chikhudze chikhakha, ndipo ena amalola kupinda pang'ono ndi mphamvu yake popanda chogwira. Zimachitika kangapo pa tsiku, ena amati ola lililonse. Njira zimasiyana malinga ndi mmene msoko wasokedwera, choncho tsatani ya amene wakuonani, osati ya mnzanu wa pa msika. Akatswiri a ntchitoyi anayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno pa sukulu ya madokotala ku Blantyre mu 2010, ndipo akali ochepa. Mukampeza mmodzi, mpempheni akuonetseni ndi manja, mubwereze iye akuona, ndipo mwana wa sukulu alembe m'kope chiŵerengero ndi nthaŵi zake.

Zina ndi zazing'ono koma zothandiza. Dzanja likhale lokwezedwa poyenda ndi pogona kuti lisatupe. Pheŵa ndi chigongono ziziyendetsedwa tsiku ndi tsiku. Posamba kulungani chikhakha ndi pepala la pulasitiki. Chilonda chikatsekeka ndithu, sisitani chipsera ndi mafuta odzola kuti chifeŵe. Fodya amachepetsa magazi opita ku zala ndipo amachedwetsa kupola. Moŵa umaiŵalitsa munthu kuti ali ndi chikhakha. Wodwala adye nandolo, nyemba, usipa, mazira ndi zipatso monga magwafa ndi nanazi, ndipo wa matenda a shuga asamale mankhwala ake. Ngati mtsempha womvera unasokedwanso, dziŵani kuti umamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, kotero dzanzi limatenga miyezi. Pa nthaŵiyo chala sichimva moto, ndipo munthu asamale pa mafuwa. Kufiira kofalikira, mafinya, fungo kapena kutentha thupi ndi zobwerera nazo kuchipatala mosazengereza.

Tinene zoona: si chala chilichonse chimabwerera monga chinalili. Ena amatsala ndi kuuma pang'ono, ena amamva kuŵaŵa nyengo yozizira, ndipo ena amafunika opareshoni ina patapita miyezi kuti amasule mtsempha womatika. Koma chala chopinda ngakhale mopereŵera chimagwira khasu, singano ndi cholembera, pamene choongoka chimangokodwa m'thumba ndi m'zitseko.

Gawo la banja

Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo wovulala chala sangachire yekha. Dokotala akanena masabata 12, banja likhale pansi madzulo omwewo ndi kuŵerenga pa kalendala: adzalima ndani, adzatunga madzi ndani, adzachapa ndani, ndalama ya maulendo obwereza kuchipatala idzachokera kuti. Abambo, ngati wavulala ndi mayi wa pakhomo, mthiko ndi mtondo si zake kwa miyezi itatu, ndipo mwamuna wophika nsima sanafepo nazo. Apongozi ndi alamu, lekani mau akuti, "Kachala kokha kameneka mpaka kugonera?" Mau otere avulitsa anthu zikhakha nthaŵi isanakwane. Anansi amene timapita kukaona wodwala tsiku lotuluka m'chipatala, tibwererenso pa sabata yachinayi ndi yachisanu, pamene ufa watha ndipo anthu aiŵala.

Aphunzitsi anzathu, mwana akasintha kalembedwe mwadzidzidzi, yambani mwaona dzanja lake musanaone kope. Wovala chikhakha asapatsidwe chikwakwa kapena tsache, asaloŵe m'bwalo la mpira, ndipo mnzake amlembere zolemba mpaka dokotala atamlola. Inu achinyamata, posenda nzimbe lozetsani mpeni kutali ndi dzanja logwira, musaŵakhe mpeni ukugwa, ndipo mukavulala musabise kwa makolo poopa kukalipiridwa. Kukalipa kumatha madzulo omwewo, koma chala choongoka mudzakalamba nacho.

Masiku apitaŵa tinakumana ndi mnyamata wathu uja pa msika wa Chinakanaka, atanyamula mwana wake wamkazi. Potipatsa moni ndi manja aŵiri, chala chija chinatikhudza pa mkono chili chiimire. Tinampepesa chifukwa cha tsiku lija tinamuimitsa pamaso pa anzake. Iye anaseka nati, "Musadandaule, aphunzitsi, simunadziŵe. Koma uyu akadzadzicheka, tidzapita tsiku lomwelo." Tsopano inunso mwadziŵa. Madzulo ano, nsima isanafike, itanani ana anu atambasule manja, afumbate ndi kufumbatula inu mukuona.